Function yanga inabwerako chimanjamanja

Nkhani ya lero ndakhala nayo kukhosi kwa nthawi yaitali. Ndinkati ndikayamba kuilemba manyazi n'kundigwira, n'kutseka laputopu. Amene munali Fomu 4 mu 2024 mukuidziwa kale theka lake, theka la nyali zija. Theka linalo, la zimene zinachitika mkati mwa kompyuta, ndi limene ndikufuna ndifotokoze, makamaka kwa anzanga amene mwayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu muli akuluakulu kale ngati ine.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu. Pamene ndinkachita dipuloma yanga, kompyuta tinkangoionera pawindo la ofesi. Mu 2023 ndinagula laputopu yakale kwa mnzanga wina, batire yake yongokhala mphindi 40 magetsi akathima. Chimene chinandikankha ndi ntchito ija imene aliyense amene anakhalapo fomu ticha amaidziwa. Mayeso atha, ana alipo 94, aliyense walemba maphunziro 8 kapena 9. Malikisi onsewo uwasandutse magiredi, usankhe magiredi 6 abwino kwambiri a mwana aliyense, uwaphatikize, kenako uwandandalike anawo kuyambira woyamba mpaka womaliza. Ndi kakyuleta ndi rula, ntchito imeneyi inkandidyera masiku atatu ndi maso omwe. Wina adzati bwanji osangogwiritsa ntchito Excel. N'zoona, ikanatha bwinobwino. Koma ndinali nditamva za Python, chilankhulo cha kompyuta chimene anachiyambitsa Guido van Rossum wa ku Netherlands n'kuchitulutsa mu 1991, chaulere, chimene ana a sekondale m'maiko ena amaphunzira. Ndinati ngati ana akutha, ine chingandikanike n'chiyani? Mtima wa aphunzitsi a masamu mukuudziwa.

Mawu akuti function sanandiopse ngakhale pang'ono. Ndawaphunzitsa ku Fomu 3 kwa zaka zambiri: ulowetse nambala uku, ituluke nambala ina uko. Ndiye ndinalemba function yanga yoyamba, yolandira malikisi n'kutulutsa giredi. Inkayamba motere:

def giredi(malikisi):
    if malikisi >= 80:
        print(1)

Ndinataipa giredi(85), pasikirini panatuluka 1. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Anaona, anati zikomo, n'kubwerera kukhitchini.

Tsiku lotsatira ndinafuna kuphatikiza magiredi awiri. Ndinalemba giredi(85) + giredi(90). Panatuluka 1, panatulukanso 1, kenako zilembo zofiira:

TypeError: unsupported operand type(s) for +: 'NoneType' and 'NoneType'

Taganizani. Mphunzitsi wa masamu wa zaka zoposa 40 akulephera kuphatikiza 1 ndi 1, ma 1 awiriwo akuwaona ndi maso ake pasikirini. Ndinakhala nazo madzulo awiri. Ndinafufuta n'kulembanso, ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso, ndinafika poganiza kuti mnzanga uja anandigulitsa yakufa. Safunsa anadya phula, pomaliza ndinajambula sikirini ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, amene pano amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Dzina lake sinditchula, koma m'kalasi mwanga ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo homuweki yake inkafika mwa apo ndi apo.

Anayankha pasanathe mphindi zisanu. Anati, "Sala, function yanu ikulankhula, koma sikukupatsani kanthu m'manja."

Ndinamvetsa nditaganiza za mwana wotumidwa mchere kugolosale. Wabwerako, waima pakhomo, wakuwa kuti, "Mchere!" Aliyense wamva. Koma m'manja mulibe kanthu, ndipo ndiwo zikadali zosakolera. Mawu akuti print amangokuwira munthu amene wakhala patsogolo pa kompyuta. Mawu akuti return ndi amene amapereka yankho m'manja mwa mzere umene unatuma function ija, kuti ulisunge kapena uliphatikize ndi lina. Ndipo Python ili ndi khalidwe lina limene ndinali ndisakulidziwa: function ikafika kumapeto kwake osakumana ndi return, sidandaula. Imangobweza chinthu chotchedwa None, kutanthauza kuti palibe kanthu. Ine ndinkauza kompyuta kuti iphatikize palibe ndi palibe.

Pali chinanso chimene chimapusitsa ife oyamba kumene, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza msanga. Mukamayesa function pawindo lija lokhala ndi zizindikiro za >>>, Python imakuonetsani yokha chilichonse chimene function yabweza, ngakhale simunalembe print. Koma ikabweza None, imangokhala chete, sionetsa kalikonse. Choncho function yokuwa ndi function yopereka zimaoneka chimodzimodzi: zonse zimatulutsa 1 pasikirini. Kuti muzisiyanitse, sungani yankho kaye, yankho = giredi(85), kenako mulembe print(yankho). Yokuwa ija igwidwa pomwepo.

Ndinasintha print yense kukhala return, zinayenda. None ndinakumana nayenso sabata yomweyo nditalemba ana = ana.sort(), mndandanda wonse wa ana n'kuzimiririka. Paja sort amakonza mndandanda pomwe uli n'kubweza None, pamene sorted ndi amene amabweza mndandanda watsopano. Limeneli ndinaligwira ndekha m'mphindi khumi, ndipo ndinayamba kudziona ngati katswiri. Apa ndi pamene panayambira tsoka.

Mu 2024, titalemba mayeso a moko, komiti ya makolo inalonjeza kupereka nyali za sola kwa ana 10 oyambirira a Fomu 4. Sukulu yathu ndi yoyendera, ana ambiri amachokera kumidzi kopanda magetsi. Amene munawerengapo ndi koloboyi kapena tochi ya foni ya amalume mukudziwa kuti nyali ya sola, mayeso a MSCE atayandikira, si mphatso yocheza. Ahedi anandiuza kuti mndandanda aufuna Lachisanu m'mawa asembule isanayambe. Ndinawayankha kuti asade nkhawa, masiku ano ndimagwiritsa ntchito pulogalamu.

Lachinayi usiku, cha m'ma 11, malikisi onse nditalowetsa, magetsi atathima kale, batire ikuonetsa kuti yatsala pang'ono, ndinayendetsa pulogalamu. Zilembo zofiira:

TypeError: '<' not supported between instances of 'NoneType' and 'int'

Inali ikuyesa kundandalika magiredi a mwana wina kuti isankhe 6 abwino, n'kupeza None pakati pa manambala. Tsopano None ndinkamudziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikumudziwa. Ndinadziuza kuti ameneyu ndi mwana amene sanalembe pepala lina, mwina anadwala. Sindinaone kuti ndi mwana uti, sindinaone kuti ndi phunziro liti. Ndikanangoima mphindi imodzi ndikanakumbukira kuti mapepala osalembedwa sindinawalowetse n'komwe. Koma tulo tinali titandigwira. Ndinali nditaona penapake kanjira kachidule koti None umusandutse ziro, ndipo ndinawonjezera timawu tiwiri:

magiredi.append(giredi(m) or 0)

Zilembo zofiira zinachoka. Mndandanda unatuluka wokongola, woyamba mpaka wa 94. Ndinakopera mayina 10 papepala, laputopu n'kuzima yokha, ine n'kukagona mtima uli m'malo.

Lachisanu nyali zinaperekedwa, tinaomba m'manja. Pa nthawi ya buleki mtsikana wina anabwera pakhomo la chipinda cha aphunzitsi. Anali pa nambala 11, ndi mapointsi 24. Anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Sala, ndimapempha muonenso mndandanda uja." Ndinatenga malikisi ake, ndinawerengera pamanja iye akuona, anakwana 24 ndendende. Ndinati nanga vuto lili pati? Anati vuto si ake. Anatchula mnyamata amene anali pa nambala 8 ndi mapointsi 22. Anati amakhala naye moyandikana, mapepala ake onse anawaona pamene ankabwezedwa, ndipo sangakhale ndi 22.

Zimene ndinayankha ndizilemba monga ndinazinenera, chifukwa aphunzitsi atatu anazimva. Ndinati, "Kompyuta ilibe m'bale, ilibenso nsanje. Nsanje ili ndi iwe. Pita ukawerenge." Anayang'ana pansi, anati zikomo Sala, n'kumapita. Malikisi a mnyamatayo anali patebulo pomwepo, pansi pa dzanja langa. Sindinawatsegule.

Lolemba mnyamata uja anabwera yekha. Musamuyese mngelo, nyali anaisiya kunyumba ndipo anali ataigwiritsa kale ntchito masiku atatu. Chimene chinamubweretsa n'chakuti anzake ankamunena kuti anandipatsa nkhuku. Anandipatsira kapepala kong'ambidwa m'kope, atalembapo 3 + 4 + 4 + 5 + 6 + 6 = 28. Anati, "Sala, ine ndawerengera katatu, 22 sindikumupeza." Ndinawerengera nanenso. Zinali 28.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza Lolemba limenelo.

Madzulo ndinakhala pansi ndi laputopu. Poyamba ndinachita zimene aliyense amachita, kufunafuna wina woti ndimuloze chala. Ndinaganiza kuti mwina ndinataipa molakwika malikisi. Ndinafananiza ndi mapepala a aphunzitsi onse, zinali bwino. Ndinakayikira kaphatikizidwe, ndinakayikira sorted. Ndinawerenga pulogalamu yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi kanayi, ndipo ulendo uliwonse inkaoneka yolondola, chifukwa ndinkawerenga zimene ndinkafuna kulemba, osati zimene ndinalemba. Timawauza ana zomwezi akamaonanso mayankho awo, koma ifeyo sitimva.

Ndinamulemberanso wa ku Blantyre uja. Sanandipatse yankho, ndipo ndikumuthokoza. Anangoti, "Sala, siyani kuwerenga. Ifunseni function iliyonse payokha kuti ikubweza chiyani, muone ndi maso." Ndinaika print pakati pa pulogalamu kuti indionetse magiredi a mnyamatayo asanaphatikizidwe. Panatuluka izi:

[0, 3, 4, 4, 5, 6, 6, 7]

Ndinayang'ana ziro ameneyo kwa nthawi. Pa MSCE magiredi amayambira 1 kulekeza 9. Woyamba ndi 1, wolephera ndi 9, ndipo mwana wanzeru kopambana amapeza mapointsi 6. Giredi 0 kulibe. Ine ndi mutu wanga wa masamu ndinaganiza kuti ziro ndi palibe kanthu, sawonjezera, sachotsa. Koma pa mapointsi, pamene wochepa ndiye wopambana, ziro ndi giredi yoposa 1. Pulogalamu inamutenga ziro uja kukhala giredi yabwino koposa zonse, inakankhira kunja 6 mmodzi, mapointsi n'kutsika kuchoka pa 28 kufika pa 22. Phunziro lake linali Physics. Mnyamatayo anapeza 39, analephera, ndipo kulephera kumeneko ndi kumene kunamupatsa nyali.

Funso linatsala: chifukwa chiyani 39 ankabweza None? Ndinachotsa timawu tija ta or 0, n'kulemba mizere iwiri yoti iyese malikisi onse kuyambira 0 mpaka 100:

for m in range(101):
    print(m, giredi(m))

Panatuluka mizere 101. Ndinatsika nayo ndi chala ngati mwana wa Sitandade 2. 37 ndi 9. 38 ndi 9. 39 ndi None. 40 ndi 8. Ndinapita kumapeto kwa function:

    elif malikisi >= 40:
        return 8
    elif malikisi < 39:
        return 9

Patebulo la magiredi la pasukulu pathu panalembedwa kuti 0 mpaka 39 ndi giredi 9. Ine pokopera ndinaona 39 n'kulemba "ochepera 39". Ndiye 39 weniweniyo sanali wokwana 40, sanalinso wochepera 39. Ankagogoda pa khomo lililonse osatsegulidwa, n'kufika kumapeto, Python n'kubweza None mwakachetechete monga mwa khalidwe lake. Miyezi yonseyo ndinkayesa function yanga ndi 85, 60, 20, manambala a pakati pa munda. Koma milandu ya minda imayambira m'malire.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi ichi. Chaka chilichonse ndimajambula pabolodi mazira awiri, manambala mbali ino, manambala mbali inayo, mivi pakati. Ndimauza ana a Fomu 3 kuti chinthu chikhale function, nambala iliyonse ya mbali yoyamba iyenera kukhala ndi muvi umodzi, osaposa, osaperewera. Ndadulapo ana malikisi chifukwa chosiya nambala imodzi yopanda muvi. Ndimalemba ndi cholembera chofiira kuti iyi si function. Tsono nayi yanga, 39 ali yekhayekha wopanda muvi, ine n'kuitchabe function miyezi isanu ndi umodzi.

Ndipo kompyuta inandichenjeza. Zilembo zofiira za Lachinayi usiku zija zinali kunena zoona: pali mwana amene giredi yake sinabwere. Ine ndinazitseka pakamwa ndi or 0. Lachisanu mtsikana uja ananena zomwezo m'Chichewa chomveka bwino, ndipo nayenso ndinamutseka pakamwa. Sindikudziwa kuti cholakwa chachikulu ndi chiti pa ziwirizi, koma ndikudziwa kuti chachiwiri sichikanachitika ndikanapanda kukhulupirira kuti pulogalamu yopanda zilembo zofiira ndi pulogalamu yolondola. Pulogalamu imene yaima n'kukuwa ndi bwenzi lako. Yoopsa ndi imene yayenda mpaka kumapeto n'kukupatsa nambala yooneka bwino. Mnyamatayo akanatuluka ndi mapointsi 4 ndikanadzidzimuka nthawi yomweyo. Koma 22 ndi nambala yaulemu, yosakayikitsa aliyense.

Pambuyo pake ndinamva kuti vuto la "palibe kanthu" si la ife oyamba tokha. Tony Hoare, katswiri wa makompyuta wa ku Britain, ndi amene mu 1965 analowetsa m'chilankhulo cha ALGOL W chinthu chotchedwa null, m'bale wake wa None. Mu 2009, polankhula ku London, iye mwini ananena kuti kumeneko kunali kulakwitsa kumene kwaonongetsa ndalama zokwana ngati madola biliyoni imodzi. Zinanditonthoza pang'ono. Kwanga kunaononga nyali imodzi ndi nkhope ya mwana mmodzi pamaso pa aphunzitsi atatu.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana zisanu. Mzere womaliza ndinausintha kukhala else, kuti chilichonse chosakwana 40 chipeze 9, kuphatikizapo 39.5 amene aphunzitsi ena amakonda kupereka, amene nayenso akanagwera m'dzenje lomwelo. Pamwamba pa function ndinaikapo mzere woti malikisi akakhala ochepera 0 kapena oposa 100, pulogalamu iime n'kundiuza, isangoganiza yokha. Ndinaikanso wina woti mapointsi a mwana aliyense akatsika pansi pa 6 kapena kukwera kuposa 54, iime. Timawu ta or 0 ndinatifufuta ndipo sindinatilembenso pena paliponse. Mizere iwiri yoyesa 0 mpaka 100 ija ndinaisunga, ndimaiyendetsa nthawi iliyonse ndikakhudza function imeneyi, ngakhale nditangosintha dzina. Nditayendetsanso zonse, ndinapeza kuti ana anayi anali ndi 39 m'phunziro lina. Atatu anakwera malo angapo koma anali kumunsi, palibe anazindikira. Mmodzi yekha ndi amene analowa pa 10 oyambirira. Mtsikana uja anabwerera pa nambala 10, malo ake.

Kukonza kwina kunatenga nthawi yaitali. Lachiwiri m'mawa ndinalowa mu ofesi ya ahedi ndi mapepala awiri, lakale ndi latsopano. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye mwanayo anabwera kudzakuuzani Lachisanu?" Ndinati inde. Sananenenso kanthu, ndipo bola akanakalipa. Achiwiri awo ankafuna kuti mnyamatayo abweze nyali. Ine ndinakana, chifukwa iye sanabe kanthu, ndi ine ndinamupatsa. Ndinakagula nyali ina ndi ndalama za m'thumba mwanga, za pakati pa mwezi, ndipo mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti kakyuleta sinatidyerepo ndalama chotero.

Ndinaganiza zoti ndimuitane mtsikanayo pambali, ndimupatse nyali mwakachetechete. Koma mawu aja sindinawanene pambali. Ndiye pa phunziro la masamu la tsiku limenelo ndinajambula mazira awiri aja pabolodi, ndinalemba 38, 39, 40 mbali ino, 9 ndi 8 mbali inayo, ndinajambula mivi iwiri yokha, n'kufunsa kalasi ngati imeneyi ndi function. Onse anakuwa kuti ayi. Ndinati iyi ndi imene inapanga mndandanda wa Lachisanu, ndipo anailemba ndine. Ndinafotokoza za ziro uja, ndinanena kuti za nkhuku n'zabodza, kenako ndinamutchula mtsikanayo dzina, ndinapepesa chifukwa chomunena kuti ndi wansanje, n'kumupatsa nyali yake. M'kalasi munali zii, kupatula mmodzi kumbuyo amene anaseka n'kudzigwira pakamwa.

Iye analandira ndi manja awiri, anati zikomo Sala, n'kukakhala pansi. Belu litalira, anzake akutuluka, anaima patebulo langa akuyang'ana bolodi. Anafunsa kuti, "Sala, nanga pakati pa 79 ndi 80 mwaonapo?"

Ndinamuuza kuti ndaona. Koma nditafika kunyumba ndinatsegula laputopu ndisanavule nsapato, n'kutaipa giredi(79.5).